Inki ya pa Chala Changa

Okondedwa mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse. Ine ndine mayi wa ku Luwani kuno ku Neno, ndipo ndikufuna ndikuuzeni momwe mwana wanga Esinala anatsalira pang'ono kufa chifukwa cha inki ya pa chala changa.

Inali nthawi ya chisankho choyamba cha matipate. Othawa nkhondo a ku Mozambique anali atayamba kubwerera kwawo, ndipo m'nyumba ina yomwe anasiya munalowa mlaliki yemwe palibe ankadziwa komwe anachokera. Amuna anga anakopeka naye. Iye ankati dziko latsala pang'ono kutha, ndipo inki yoviikamo chala povota ndiyo chizindikiro cha chilombo cha m'buku la Chivumbulutso. Ine mtima unkamukana. Munthu wodikira kutha kwa dziko amasuzumiriranji m'makola a anzake? Tsiku litafika ndinanamizira kupita kudimba, n'kukavota.

Chalacho ndinachikwecha ndi mchenga, mandimu ndi phulusa, koma pachikhadabo inki inakana kuchoka. Posakhalitsa Esinala anadwala malungo, m'manja mwake munayera mbee. Mlaliki uja atafika anandigwira dzanja n'kulikweza pamaso pa amuna anga.

"Chiweruzo chayambira m'nyumba muno chifukwa cha kusamvera," anatero. "Mukapita naye kuchipatala, mukulimbana ndi Mulungu."

Amuna anga anabisa njinga. Amayi a gulu la mlalikiyo ankabwera mosinthana, ati kudzapemphera, koma maso awo sankatseka. Ndikapita kuchimbudzi, wina ankatuluka kukayang'ana nkhuku. Ndinayamba kukayikira aliyense, ndipo kunena zoona, ngakhale Mulungu amene ndinamukayikira. Mwana atasiya kumwa madzi ndinalira kuti, "Ambuye, ngati ndinalakwa, chala ndi changa. Mwanayu walakwanji?"

Masana ake anabwera a Nachisale, akazi a mlaliki uja, omwe ndinkawaopa kuposa onse. Chala chawo china chinali chomanga kansanza, ankati anadzicheka posenda chinangwa. Anatseka chitseko, n'kumasula kansanzako. Bala panalibe. Pachikhadabo panali inki ngati yanga.

Poyamba ndinaganiza kuti ndi msampha, awatuma kuti andiyese.

"Amake Esinala, ana anga onse akusewera kunyumba, palibe wadwala," ananong'ona. "Berekani mwana. Njinga ili pansi pa nkhokwe. Ine ndiziimba mokweza kuti aziyesa tikupemphera."

Ndinapalasa kulowera ku Lisungwi ndikuwamva akuimba okha m'nyumba yopanda wodwala. Kuchipatala mwana anamuika magazi, ndipo anamwino anati ndikanachedwa pang'ono ndikanabwerera ndi maliro. Amuna anga ananditsatira ali lunda, koma atamva Esinala akupempha phala anakhala pansi n'kugwira kumutu. Ku gulu lija sanapitenso.

Abale anga, chiweruzo chidzabwera ndithu, sindikutsutsa. Koma mwini wake ndi Mulungu, ndipo tsiku lake sanaliuze munthu. Kusamvera kwenikweni amakuona ndi Iye, chifukwa amayang'ana mumtima. Wina akakutsekerani khomo m'dzina lake, musafooke, pempherani, thandizo limachokera komwe simukuyembekeza.

Ndikuyamika Mulungu, Esinala ali moyo. Koma a Nachisale amuna awo anawapitikitsa tsiku lomwelo, ndi chitenje chokha chomwe anavala. Ndinawafufuza mpaka ku Neno Boma osawapeza, ndipo zikomo wanga sanamumve. Mukamapemphera, chonde muziwatchula. Amen.