Mapilisi M'thumba la Ufa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine sukulu ndinalekezera panjira, kulankhula pagulu sindidziwa. Koma zimene Mulungu wandichitira ndinena.

Amuna anga atamwalira, ndinaleka kupemphera. Pamaliro anthu ankati chawatenga ndi chifuwa, ine ndinabisa zoona zake. Ndinatsala ndi mwana mmodzi, Esinati. Kachilombo ka HIV tonse awiri tinali nako. Iye anabadwa nako.

Masana ndinkagulitsa nthochi pamsewu pa Chinyunyu. Basi ikaima ndinkathamanga ndi kuseka ngati anzanga. Ndikafika kunyumba ndinkamwa kachasu kuti ndisaganize. Ndinkati Mulungu anatiiwala.

Esinati anakhoza mayeso, napita kusekondale ku Rufunsa. Kumeneko atsikana ochokera kutali amagona chipinda chimodzi ndi kudziphikira okha. Aliyense amanyamula ufa wake.

Mantha anandigwira. Botolo la mankhwala athu limalira ukaligwedeza, ndipo kuno aliyense amalidziwa phokoso lake. Ndiye ndinkakhuthula mapilisi, kuwamanga m'kansalu, ndi kuwakwirira pakati pa thumba la ufa. Ndinamuuza kuti asauze munthu, ngakhale aphunzitsi. Ndinkayesa kuti ndikumuteteza.

Mvula itayamba, denga la chipinda chawo linadontha. Ufa unanyowa. Mapilisi anamatana, ena anasungunuka. Mwana anaopa kundiuza. Anaopanso kupita kukiliniki, poti anzake akanamufunsa. Anangokhala osamwa.

Akusukulu anandiitana mwana atagwa m'kalasi. Ndinamupeza kukiliniki ataonda, m'kamwa muli zilonda. Akakhosomola, ndinkamva bambo ake.

Esinati anati, "Amai, musandikalipire. Sindinauze munthu, monga munanenera."

Mawu amenewo anandilasa mtima. Ndinatuluka, ndinakagwada kuseri pafupi ndi thanki ya madzi. Mapemphero onse ndinali nditaiwala. Ndinangoti, "Yesu, amuna anga anapita. Uyu mundisiyire. Ndatopa ndi kubisa."

Nditadzuka ndinaona mayi ataima chapafupi. Anali ba Mulenga, aphunzitsi oyang'anira atsikana, amene anamubweretsa kukiliniki. Ndinawauza zonse. Dzina la matenda ndinalitchula ndi pakamwa panga, koyamba. Ndinkadikira kuti abwerere m'mbuyo. Iwo anandigwira dzanja.

"Bana Esinati, mankhwala mu ufa? Mumafuna chipinda chonse chidye nawo?"

Ndinaseka, misozi ikutsika.

Anati, "Kunyumba kwanga kuli kabati yotseka. Ndipo si mwana wanu yekha amene adzabwera m'mawa kudzandipatsa moni."

Esinati sanachire msanga. Mayeso a temu imeneyo sanalembe. Koma anachira.

Lero mapilisi amakhala m'botolo lake, monga anesi anatiuzira, chifukwa chinyezi chimawaononga. Botolo limakhala kwa ba Mulenga. M'mawa mwana amapita, amamwa, amalowa m'kalasi. Tsiku lokatenga mankhwala amamulola popanda mafunso. Akayamba kutentha thupi, aphunzitsi amandiimbira foni tsiku lomwelo.

Ena anandiuza kuti wokhulupirira weniweni amataya mankhwala. Ine ndinakana. Ndinaona chimene chimachitika mwana akasiya. Timapemphera, ndipo timamwa. Yesu amene ndinamulirira kuseri kwa kiliniki ndiye anaimika mayi uja pamenepo.

Kachasu ndinasiya. Sindinena kuti chisoni chinatha. Amuna anga ndimawakumbukabe, masiku ena ndimalira. Koma sindiliranso ndekha, ndipo manyazi Ambuye anandichotsera.

Musaganize kuti ndikuulula za mwana iye osadziwa. Ndinamufunsa. Anati, "Kaneneni, amai. Alipo ena amene akubisa."

Ambuye alemekezeke, amene anamva pemphero la mkazi wonunkha mowa, nandisiyira mwana wanga wamoyo.

Makolo anzanga, mwina wanu ali ndi mphumu, mwina khunyu, mwina shuga, mwina monga wanga. Musamutumize kusukulu atasenza yekha. Perekani mantha anu kwa Yesu, ndipo pezani mphunzitsi mmodzi amene mungamukhulupirire. Ngati pakamwa pakulemera, tikatuluka muno mundipeze panja. Lolemba tidzakwera minibasi limodzi, ndipo pakhomo pa aphunzitsi ndidzagogoda ndine.

Amen.