Mwana Wanga Atatupa Abale Anandiuza Kuti Ndiulule

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ine ndine Nabanda wa kuno ku Sinda, amene ambiri mumandidziwa ngati mtsogoleri wa kagulu kothandiza odwala impso. Thupi latopa tsopano, choncho ndati ndikuuzeni mmene ndinalowera m'ntchitoyi mawu asanandithere. Sindinalowe chifukwa cha mtima wabwino ayi. Ndinalowa chifukwa mwana wanga Dailesi anatupa, ndipo mudzi wonse unati ndamudula ndine.

Inali nthawi ya Chitaganya, amuna anga ali ku migodi. Dailesi anali atangoyamba kuguluka mano. Anadwala mphere, zilonda n'kupola, ife n'kuiwalako. Kenaka m'mawa wina anadzuka zikope zitatupa, maso akungooneka pang'ono. Mapazi anatsatira, ndipo mkodzo unkatuluka wochepa, wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

Achinyamata a lero mwina simuudziwa mdulo. Makolo ankati mayi akayenda ndi mwamuna wina n'kudzathira mchere m'ndiwo, mwana amatupa, ndipo sangachire mpaka mayiyo ataulula ndi kutchula dzina la mwamunayo. Ine amuna anga anali kutali, ndiye anthu sanavutike n'kuganiza. Amalume anga, amene anali mwini mbumba, anandikhazika pansi pamaso pa azimayi. Sanandikalipire, ankangonena mwachisoni kuti, "Ulula, mwana wanga. Dzina limodzi chabe, tikakumbe mankhwala." Tonsefe tinali Akhristu a Lamulungu ndi Lamulungu, koma mwana akatupa nyimbo za m'tchalitchi zinkayamba zadikira panja.

Ndinakana mpaka pakamwa kuuma. Kudambo azimayi ankasiya nkhani ndikafika. Ndinkatunga madzi, kusinja, kusambitsa mwana, kenaka kukhalanso pansi kuyankha funso lomwe lija. Dailesi anasiya kusewera, mimba nayo inayamba kukula. Kutopa kumene ndinatopa masiku amenewo sindinakuonenso, ngakhale pa ukalamba uno.

Potsiriza ndinayamba kudzifunsa kuti choonadi changachi chikundithandiza chiyani mwana akufa. Ndinaganiza zongotchula a Yotamu, bambo wa banja lake amene ankandilimira munda ndi ng'ombe zake, poti anthu anali atayamba kale kuwaloza ndi milomo. Munthuyo analibe mlandu uliwonse. Tsiku limenelo ndinapita kumunda osati kukalima, koma kukagwada pakati pa mtedza. Pemphero langa silinali lokongola. Ndinati, "Ambuye, ndikabwerera kumudzi ndikanama. Ngati simukufuna, chitanipo kanthu, ine nzeru zatha."

Nditabwerera ndinapeza ngolo itaima pakhomo panga. Pakhonde panali mayi wamfupi wosamwetulira, akudina phazi la Dailesi ndi chala n'kumayang'ana kadzenje kotsalapo. Anali amayi Mvula, ochokera chakufupi ndi Katete. Nkhani yanga anaimvera kuchigwirizano cha amayi a mumpingo. Iwo mwana wawo anafa ndi kutupa komweku, ukwati n'kuthera pomwepo, ndipo pambuyo pake anamva kwa achipatala kuti zinali impso. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anasonkhanitsa azimayi angapo ndi mkulu wa mpingo mmodzi wokhala ndi ngolo, n'kumayenda m'midzi kunyamula otupa.

Ndinkayembekezera kuti akangana ndi amalume za mdulo, koma sanatero. Anagwada bwinobwino n'kuwomba m'manja.

"Ine sindinabwere kudzaweruza, bambo," anatero. "Mlandu ngwanu, ndipo suthawa. Koma mwanayu akuthawa. Tibwerekeni, akachira mudzapitiriza."

Amalume anafunsa kuti, "Akafera m'njira?"

"Ndidzabwera naye ndekha, mudzandizenge ine."

Anatilola. Ndinakwera ngolo ija dzina la a Yotamu likadali m'kamwa mwanga, losatuluka.

Kuchipatala cha mishoni ku Katete anati zilonda za mphere zija ndizo zinadwalitsa impso. Anamubaya majakisoni, madzi akumwa n'kumamuyezera, ndipo anati asalawe mchere ngakhale pang'ono. Kumeneko ndiko ndinaona utsogoleri wa amayi Mvula. Sanali munthu wa mawu okoma, ankandikalipira ndikamalira pamaso pa mwana. Koma anagona nane pansi pakhonde la odikira odwala, ndipo lamulo la kagulu kawo linali loti wodwala akaletsedwa mchere, omudikira nawonso asadye. Ankati mwana sangameze ndiwo zosakoleza akuona akuluakulu akunyambita zala. Tinadya chibwabwa, masamba a maungu, chozizira m'kamwa mpaka lilime kuiwala mchere.

Pang'ono ndi pang'ono mkodzo unayera, maso anatseguka, ndipo tsiku lina Dailesi anandipempha chimanga chootcha. Ndinangokhala pansi n'kulira, ndipo ulendo umenewo amayi Mvula anandileka.

Musaganize kuti kumudzi anatilandira ndi nthungululu. Atamva kuti achipatala analetsa mchere, anati, "Mwaonatu, nawonso azungu avomereza kuti ndi mchere." Ndinaseka chifukwa mphamvu zolira ndinalibe. Amuna anga atabwera patchuthi anamva mbali zonse, anamunyamula mwana, koma ine sanandiyang'ane m'maso. Anabwerera ku migodi ndipo sanabwerenso. Zimenezo zinandipweteka, ndipo ndisakunamizeni, zimandipwetekabe.

Ndinayamba kutsatira ngolo ija poti ndinalibe china chobwezera. Tinkafika kutali, mpaka kumapiri a ku Vubwi, nthawi zina n'kupeza tachedwa. Si onse amene ankachira, ena tinkangowabweza kwawo kuti akatsirizikire pakati pa abale. Amayi Mvula miyendo itawakana anandiitana n'kunena kuti, "Iwe Nabanda, uli ndi m'kamwa moipa ngati ine, utsogolere." Chisankho chake chinali chomwecho basi. Cholinga chathu sichinasinthe kufikira lero. Timayamba tanyamula wodwala, sitifunsa kuti walakwa ndani, ndipo mayi wolozedwa chala sitimusiya yekha.

Ntchitoyi ndi yolemetsa, ndipo masiku ena ndimadzuka ndilibe nayo chikondi n'komwe. Komabe ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lamwano la mkazi wotopa. Anapulumutsa mwana wanga ku imfa, anapulumutsa ine ku bodza, ndiponso banja la munthu wosalakwa limene ndikanalipasula ndi pakamwa panga.

Inu amene mukudwazika lero, amene mwatopa mpaka mukufuna kuvomera zimene simunachite kuti anthu akulekeni, limbani pang'ono. Thamangirani kuchipatala, pempherani ngakhale mawu akhale osalongosoka, ndipo musadikire kuti dzina lanu liyere kaye. Langa silinayere lonse. Mlandu umene amalume anaimika tsiku lija sunaweruzidwe mpaka lero, ndipo onse amene ankauzenga anapita. Koma Dailesi ali moyo, ndipo chaka chino walandira mdzukulu. Ambuye alemekezeke.