Mabelu a Oreste

Linali Lamulungu masana pa siteji ya basi yopita ku Modena pamene mabelu a tchalitchi anayamba kulira mopikisana. Bambo wina wachikwama chapaulendo anatembenukira mayi wachikulire amene anafukata maluwa.

"Mayi, kuli ukwati?"

"Ndinu mlendo eti? Timu yathu yapambana mpikisano wa magalimoto. Ikapambana, bambo mfumu amaimba mabelu."

"Wansembe kuimbira galimoto mabelu!"

"Nanga tauni ino ikudya chiyani? Amuna anga a Oreste anayamba ntchito timuyi ili m'kashedi kodontha, anthu ake owerengeka ndi zala. Ankasula thupi la galimoto pamanja ndi hamala, mpaka makutu anagontha. Lero taonani fakitale yawo ya magalimotoyo, inameza minda yonse."

"Ndiye lero akondwa kunyumbako."

"Maluwawa ndi awo. Ndikupita nawo kumanda."

"Pepani mayi, sindinadziwe."

"Musadandaule. Anadwala chaka chimene timu inkangoluza. Adokotala anati kwatsala sabata imodzi, iwo akuti, 'Sindichoka mabelu asanalire.' Anakakamira miyezi inayi, nkhalamba yamakani ija."

"Ndiye anawamva?"

"Munthu wogontha? Tsiku limene tinapambana ndinawagwira dzanja n'kumalifinya belu likalira. Anaseka, amvekere, 'Achedwatu anyamatawa.' Madzulo omwewo anatisiya."

"Basi ija yafika, mayi. Tiyeni ndikukwezeni."

"Kwerani bambo, ine ndikwera yam'mbuyo. Ndikuwerenga kaye mabeluwa. A Oreste akandifunsa kumandako kuti alira kangati, ndipo sakhulupirira zongoyerekeza."