Kamfuti ka Njoka za ku Thyolo

Lusubilo sanauzepo munthu kuti akavala mahedifoni podikira basi ya ku Evington, ku UK, samakhala akumvera nyimbo ayi. Tsiku lina masana anamva bambo wina akuonetsa foni kwa nesi amene anangodziwana naye pasitejipo.

"Taonani, achemwali. Ndikufuna kamfuti kam'manja aka, kopepuka. Amayi anga njoka zawavuta kumunda ku Thyolo."

"Ali ndi zaka zingati amayiwo?"

"Akwanitsa sevente."

"Iii, achimwene! Pofuna kulasa mphiri adzadziwombera chala chakuphazi. Atumizireni majombo."

"Ndinatumiza chaka chatha. Amavala popita kutchalitchi basi. Akuti kumunda angathe msanga, ndi ochokera kwa mwana wawo wa ku UK."

"Ndiye mfutiyonso adzaikulunga m'chitenje n'kuisunga m'sutikesi."

"Ndikudziwa," anatero bamboyo, n'kuika foni m'thumba. "Sabata yatha njoka inawakwawa paphazi, anaipha ndi aneba. Ine ndinali kuntchito ku Oadby, ndikudyetsa amayi a eni ake. Foni yakumudzi ikalira ndimaopa kuyankha, achemwali. Ngakhale mkazi wanga sakudziwa zimenezi."

"Basi ndi iyo," anatero nesiyo. "Tikhale limodzi, muwaimbire ine ndili pomwepo."