Mmisiri amene anakana simenti ku Wendlecote

Malemu bambo Cyril Hemming anabadwa pa 9 Malichi 1949 m'mudzi muno mwa Wendlecote. Sukulu anailekeza ali ndi zaka 15, n'kuyamba kusema miyala pamodzi ndi bambo awo ku nyumba yaikulu ya mabwana ili kuseri kwa tchalitchi chino. Mu 1972 anamanga banja ndi mayi Doreen.

Nyumba imeneyo, ya zaka mazana anayi, malemu anaisamala zaka 45. Chumuni zake zonse, mafelemu amiyala a mazenera, denga la miyala yopyapyala lija, zonsezo zinadutsa m'manja mwawo. Koma alendo odzaona nyumbayo amauzidwa dzina la bwana amene sananyamulepo ngakhale mwala umodzi.

Mu 2009 nyumbayo inagulidwa ndi kampani yochititsa maukwati. Eni atsopanowo anafuna kumata ming'alu ndi simenti kuti ntchito ithe msanga. Malemu anakana. Anawauza kuti mwala wa kuno umamangidwa ndi laimu, poti laimu amatulutsa chinyezi, pomwe simenti amachitsekera m'kati mpaka mwala kufumbwa. Anatchedwa nkhalamba yovuta, ndipo anachotsedwa ntchito ndi kalata ya mizere itatu.

Mawu a akulu amakoma akagonera. Pofika 2023 miyala inali kunyenyeka ngati buledi wouma. Pa 2 Novembala anthu omwewo, opanda ndi manyazi omwe, anadzapempha malemu kuti akaone chumuni cha kumadzulo. Ife apabanja tinawaletsa malemuwo. Iwo anati amene anawalakwira ndi anthu, osati nyumba. Anakwera. Mwala umene anagwira unazuka, ndipo anagwa.

Atagona m'chipatala masiku 19, anatisiya pa 21 Novembala ali ndi zaka 74.

Tisanamizane pano, anamfedwa. Bambo athu sanafe ndi ukalamba, ndipo mitima yathu ikuwawa. Nkhata ya maluwa imene kampaniyo inatumiza tabweza, ili pageti pawo.

Malemu asiya mayi Doreen, ana awiri, Hilary ndi Neville, ndi zidzukulu zisanu. Tikuthokoza anamwino, abusa, ndi amisiri anzawo amene anyamula bokosi lero.

Mwala wa pamanda adzasema yekha Hilary ndi zida za bambo ake, ndipo adzauimika ndi laimu. Dzina lawo lidzalembedwa pamenepo.

Usani mumtendere, bambo Hemming.