NyaZiba, Mayi Amene Analowa M'khola la a Nhlane

Abusa, mafumu, amayi a Umanyano ndi anamfedwa nonse, amene tikuwaperekeza lerowa ndi mayi Elube Nhlane, omwe ambiri munkawatchula kuti NyaZiba. Anabadwa m'chaka cha 1936 kufupi ndi Euthini. Ine ndine Linily, mkazi wa mwana wawo Lloyd. Kwathu ndi ku Dedza, kuno ndinabwera ndi ntchito ya unamwino. Ndiwerenga m'Chichewa, chifukwa Chitumbuka changa malemuwa akhala akuchiseka kuyambira tsiku limene ndinafika pakhomo pano, ndipo sindikufuna kuti adzuke kudzandikonza pamaso pa anthu.

Sukulu anaphunzira pa mishoni, nalekezera Sitandade 2. Ankatiuza kuti kumeneko anaphunzira kusita malaya a mzungu ndi kuloweza mitsinje ya ku Mangalande, koma palibe anawauzapo kumene mtsinje wathu wa Rukuru umathera.

Mu 1954 anakwatiwa ndi bambo Enos Nhlane a m'mudzi muno, ng'ombe za malowolo zitaperekedwa zonse. Ukwati unakoma miyezi yowerengeka chabe. Boma la atsamunda linkafuna msonkho, ndipo silinkalandira chimanga kapena mawere. Linkafuna ndalama, ndalamazo zinali ku migodi ya ku Joni. A Enos ananyamuka amayiwa ali oyembekezera, nalonjeza kuti sachedwa. Amuna ena onse anatsata njira yomweyo. M'mudzi munatsala amayi, ana, ndi apongozi aamuna a NyaZiba, a Zondwayo Nhlane, amene maso anali atachita kale khungu.

Apa ndifotokozere anzanga obwera. Mwambo wa makolo kuno sunkalola mkazi wodzakwatiwa pamudzi kuponda m'khola la ng'ombe. Khola linali la amuna, ndipo mwini mudzi akamwalira ankagonekedwa pambali pa kholalo, osati kumanda kwa anthu onse. Koma atsamunda anatenga amuna n'kusiya ng'ombe, osanena kuti aziziweta ndani. Nkhupakupa zinachita nazo phwando, mpaka munatsala zochepa zowonda.

Tsiku lina m'dzinja la 1958, ng'ombe yaikazi yomwe mudzi unkadalira inalephera kubereka. Amayi ena a m'mudzi anaima kunja kwa mpanda atagwira pakamwa. NyaZiba anatsitsa mwana kumsana, namanga nsalu m'chiuno, n'kulowa m'matopemo. Anakoka mwana wa ng'ombe uja mpaka anatuluka wamoyo.

A Zondwayo atamva, anakalipa mudzi wonse ukumva. Analamula kuti mkazi woponda khola sadzagona kumanda a kwa Nhlane, ndipo akadzamwalira adzanyamulidwe kubwerera kwawo. Malemuwa anagwada monga mwa ulemu, koma chimene anayankha chikudziwika mpaka lero: "Adada, ng'ombe yikumanya yayi kuti ndine mwanakazi." Kunena kuti ng'ombe sidziwa kuti iwo ndi mkazi. A Zondwayo mawu awo sanabweze. Chambiko cha ng'ombe yomweyo ndiye ankadya, osasiya ngakhale m'mbali mwa mbale. Anamwalira mu 1961, mawu aja ali chikhalire, ndipo inu eni kuno mukudziwa kuti mawu a wakufa safafanizidwa wamba.

Poti madzi akatayika saoleka, amayiwa anangopitiriza. Anaphunzira kukama, kutengera ng'ombe ku dibi, kugwira pulawo ndi kuyendetsa ngolo. Ankalimiranso akazi anzawo amene amuna awo anatchona. Khola linadzaza mpaka analikuza. Ambiri a inu amene mwakhala apa, amayi anu analowoledwa ndi ng'ombe za m'khola limeneli. Ine ndemwe, kwathu kulibe za malowolo, koma malemuwa anakakamira kuti ng'ombe ipite ndithu ku Dedza. Amalume anasowa poisunga, anaimangirira pamtengo wa mango.

Ku mpingo anali a Umanyano okhulupirika. Ankafika mochedwa, yunifolomu yoyera bwino koma mapazi akunena okha kumene achokera, ndipo nyimbo ankaiyamba pamwamba moti ena tonse tinkathera panjira.

A Enos anatulukira mu 1983, atavala chipewa ndi jekete, m'manja sutikesi imodzi, m'chifuwa muli fumbi la mgodi. Ife tinkayembekezera mkuntho. Amayiwa anangowayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Mwawerako? Yewo chomene. Mbwenu vulani jekete, ng'ombe sizinamwe." Anawasamalira pa chifuwa chawocho mpaka anamwalira mu 1990. A Enos ankanena kawirikawiri kuti aitanitsa akuluakulu akonze nkhani ya manda ija, koma monga ulendo wa ku Joni, mawa lawo silinafike.

Amayiwa anali anthu anthabwala, koma nkhani imeneyi sinkawaseketsa. Atayamba kudwala mtima chaka chatha, ndinkakhala nawo kuchipatala ku boma, ndipo funso lawo linali limodzi: "Kasi muzamuniwika nkhu?" Ankafunsa kuti tidzawaika kuti. Ku Euthini odziwana nawo anatha kalekale, ndipo ankaopa kukagona pakati pa alendo. Anatisiya Lachiwiri lapitali asanamve yankho. Izi zikundiwawa, ndipo sindibisa: tinachedwa, tonsefe.

Akuluakulu a banja anakhala pansi dzulo. Ena anati mawu a Zondwayo sangaphwanyidwe. Ena anati n'zamanyazi kukweza pa galimoto munthu amene anasunga mudzi. Amene anadula nkhani ndi a Nicholas Nhlane, mng'ono wa a Enos, amene atsala okha mwa akale. Iwo anati mawu a bambo awo akhale momwemo, NyaZiba asapite kumanda. Kenaka anafunsa kuti zaka zonse zimene amuna anali ku Joni, mwini mudzi uno anali ndani. Palibe anatchula dzina lina koma la NyaZiba. Ndiye mwaona nokha kuti adzukulu sanakumbe kumanda. Akumba apo, pambali pa khola, moyandikana ndi a Zondwayo. Zotsalazo akakambirana okha awiriwo, ndipo ine ndikudziwa amene akayambe kutopa.

Malemuwa asiya mlamu wawo a Nicholas, mwana mmodzi, Lloyd, ndi ine mpongozi wawo. Asiya zidzukulu zisanu: Samantha, Walusungu, Foster, Lumbani ndi Chikhumbo. Atatu omalizawa akutimvera pa foni ali ku Joni, pakuti njira ija sinamere udzu. Asiyanso zidzukulutudzi zisanu ndi zinayi.

Amama, munandifunsa ine kuti tidzakuikani kuti. Lero ndikuyankhani anthu onsewa akumva: simukupita kulikonse. Kwanu ndi kuno.

Mzimu wa mayi Elube NyaZiba Nhlane upumule mu mtendere.