Dzina la pa Khadi la Sikelo

— Halo?

— Halo, alamu, mukundimva? Ndine mkazi wa achimwene anu.

— Eee, ntchembere yatsopano! Dikira ndiyimitse makinawa, ndikusoka mayunifomu. Mwadzuka bwanji?

— Tadzuka bwino, kaya inu kumeneko?

— Tilipo. Nanga bwana wamng'onoyo?

— Akuyamwa ngati wachita kulembedwa ganyu. Mchombo wagwa dzulo.

— Zikomo Ambuye! Nanga bambo ake akukuthandiza?

— Ali ku shedi kwawo, akupala matabwa. Alamu, ndilibe mayunitsi ambiri. Lero masana ndikupita kuchipatala kukalembetsa mwana, ndiye pa fomu pakufunika dzina.

— Simunasankhebe? Sabata yathunthu mwana akungokhala "iwe"?

— Achimwene anu anasankha. Akuti Oren.

— Akuti chiyani?

— Oren. Munalimvapo?

— Halo? Halo? Netiwekiyi ikuvuta, mlamu.

— Netiweki ili bwinobwino, ndikumva ngakhale kupuma kwanu. Ndati munalimvapo dzinali?

— Aaa, mayina a masiku ano, ndani angawamalize?

— Akuti ndi la Chiheberi, limatanthauza mtengo wa paini. Ine ndinaseka, ndikuti mwana wanga akhale thabwa? Iwo osaseka. Akuti paini ndi wowongoka, sayoyola masamba, komanso ndi umene umatidyetsa pakhomo pano.

— Ndiye vuto ndi chiyani? Kalipentala kutchula mwana mtengo, si zabwino zimenezo?

— Ndinawafunsa kumene analipeza. Akuti pa intaneti. Alamu, achimwene anu aja? Munthu amene foni yake ntchito yake ndi kuyimba ndi kuyatsa tochi basi? Meseji amachita kundipatsa ine kuti ndiwawerengere. Lero adziwa Chiheberi?

— Mwina anzake anamuonetsa.

— Ndinatchula mayina anga atatu, onse anawakana, nkhope ili gwa. Zaka zisanu tili pabanja sanakanirirepo chinthu chotere. Ngakhale mtundu wa makatani ndimasankha ndine.

— Mlamu, kasitomala walowa, ndikuyimbira ndikatha...

— Palibe kasitomala, chitseko chanu chimalira chikamatseguka. Musadule. M'mawa uno ndimafuna msomali wokolekera neti ya mwana. Ndatsegula bokosi lawo la zipangizo, lakale lija amaliika pansi pa bedi. Pansi penipeni, m'kapepala ka pulasitiki, ndapezamo khadi la sikelo.

— Mayo ine.

— Mwati mayo? Ndiye mukulidziwa! Dzina la mwana, Oren. Dzina la bambo, achimwene anu. Wobadwa zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Alamu, ndakwiya kwambiri. Ali ndi mwana kwina, nonse mukudziwa, ndiye akufuna wanganso akhale Oren kuti akalakwitsa kuyitana ndisazindikire!

— Ayi, mlamu, si choncho.

— Nanga ndi chotani? Ali kuti mwanayo? Ali sitandade chani? Loweruka lililonse loyamba la mwezi amati akukayang'ana matabwa, amabwera opanda thabwa ndi limodzi lomwe. Amapita kumeneko eti?

— Khadilo uli nalo pomwepo?

— Lili m'manja mwangamu.

— Tsegula pamene amalemba kulemera kwa mwana. Werenga miyezi.

— Woyamba, wachiwiri, wachitatu, wachinayi... Kenako palibe. Mwina anasintha chipatala.

— Sanasinthe chipatala, mlamu.

— Mukutanthauza kuti...

— Chibayo. Masiku atatu okha. Iwe unali usanadziwane naye. Mayi ake a mwanayo anachoka maliro atangotha, anakwatiwa kutali, sitimvanso za iwo.

— Mulungu wanga.

— Dzinalo sanalipeze pa intaneti. Munthu wina anabweretsa kabati kuti amukonzere, m'dirowa munatsalira kabuku ka mayina a ana. Analiwerenga lonse, iye wosakonda kuwerengayo, mpaka anapeza la mtengo wake. Anasangalala ngati watola ndalama. Bokosi la maliro anakhoma yekha, la paini yemweyo. Anakana kuti munthu wina agwire hamala.

— Ndiye Loweruka lija...

— Amakalambula pamanda.

— Ndi chifukwa chake anakana kupanga kabedi ka mwanayu ndili woyembekezera? Ndinkawanyoza, alamu! Ndinkati kalipentala wanji mwana wake agone m'beseni. Iwo amangoti tidikire abadwe kaye.

— Sankafuna kuyezanso thabwa la msinkhu umenewo asanamuone akupuma.

— Nanga inu, zaka zisanu mukudya m'nyumba mwanga, osandiuza?

— Anatilumbiritsa. Ndinalakwa, ndikuvomera. Ndimaopa kuti ukamva uganiza zomwe waganiza lerozi.

— Zandipweteka, alamu. Ndikuwamvera chisoni, koma zandipweteka. Akanandisiya ndiziyitana dzina limeneli moyo wanga wonse, ine ndekha osadziwa kuti ndi la ndani. Inu nonse mukumva mwana wina, ine ndikumva mtengo.

— Ndiye pa fomupo ulemba chiyani?

— Lero sindilemba kanthu. Kuchipatala adikira.

— Usamukalipire, chonde. Mtima wake uli ndi bala.

— Sindiwakalipira. Khadili ndiliika patebulo, pafupi ndi kapu yawo ya tiyi. Andiuze ndi pakamwa pawo. Uyu si wolowa m'malo mwa wina, akhala ndi dzina lakelake, tisankha awiri. Oren alipo kale, ndi mkulu wake.

— Mlamu, wandiliza, ndanyowetsa yunifomu ya eni ake.

— Foni yalira, mayunitsi akutha. Alamu, mundiuze msanga, mandawo ali kutali?

— Ayi, basi imodzi yokha. Bwanji?

— Loweruka likubwerali ndi loyamba la mwezi. Sapita okha, tikamuonetse Oren mng'ono wake. Dikirani, geti lalira... Ndi iwowo. Anyamula kabedi pamutu, alamu, katha! Ndikudula.

— Mlamu, umuuze kuti ine sindina... Halo? Halo?